Sikolashipu ya theka ku England: tigulitse malo kapena tidikire?

MwiniMbumba_Mponela
Akuluakulu a pa gulu lino, ndabwera ndi nkhani imene yaimitsa mitu pabanja pathu, ndipo ndikupempha nzeru kwa inu amene munaphunzirapo kunja kapena munatumizako ana. Mwana wa mlongo wanga anakhoza mayeso a MSCE ndi mapointi 9. Kudzera mwa ajenti wina wa mu Lilongwe, walandira kalata yomupatsa malo pa yunivesite ina ya ku England. Kalatayo ikuti fizi ndi mapaundi 18,000 pa chaka, koma amuchotsera theka monga sikolashipu, bola tilipire dipoziti ya mapaundi 3,000 mwezi uno usanathe. Ikunenanso kuti ayenera kuyamba ndi chaka chokonzekera asanalowe digiri yeniyeni. Mayi ake akuti tigulitse malo amene malemu bambo ake a mwanayu anasiya ku Lumbadzi, ndipo popeza ine ndine tsibweni wake, onse akuyembekezera mawu anga. Kodi theka limeneli ndi mwayi weniweni? Ngati si choncho, mwana wokhoza bwino chonchi angalipeze kuti thandizo lokwanira?

Nachisale_Leeds
Bambo a ku Mponela, poyamba mumuyamikire mwanayo, chifukwa mapointi 9 sabwera mwangozi. Kenako tengani pepala ndi cholembera tiwerengere limodzi. Akachotsa theka, kwa inu kwatsala mapaundi 9,000 a fizi. Kuti mwana apatsidwe viza, boma la Britain limafuna umboni woti ali ndi fizi yotsalayo komanso ndalama zodyera ndi zogonera za miyezi 9, zomwe kunja kwa London zimaposa mapaundi 1,100 pa mwezi. Ndalama zimenezi ziyenera kukhala mu akaunti masiku 28 otsatizana osatsikako, choncho njira yobwereka kwa mnansi lero n'kubweza mawa siyigwira. Viza payokha imaposa mapaundi 500. Palinso ndalama ya zaumoyo ya mapaundi 776 pa chaka, imene imalipiridwa ya zaka zonse za viza nthawi imodzi, kutanthauza kuti pa zaka zinayi mukunena zoposa mapaundi 3,000. Sindinaikepo tikiti ya ndege, kuyezetsa TB kumene aliyense wochokera ku Malawi amayenera kuchita, ndi zovala za nyengo yozizira. Mukaphatikiza, chaka choyamba chokha chikudutsa mapaundi 22,000.

Funso lalikulu limene muyenera kufunsa ndi ili: kodi thekalo ndi la chaka chilichonse kapena la chaka choyamba chokha? Zotsitsa zambiri za mtundu umenewu zimathera pa chaka choyamba. Ndipo wina asakunamizeni kuti mwana azikadzilipirira ndi maganyu, chifukwa viza ya ophunzira imalola maola osaposa 20 pa sabata sukulu ikakhala mkati, ndipo pa maphunziro osafika pa digiri maolawo amakhala 10 okha. Ndalama ya maola amenewo imathera pa lendi ndi chakudya, fizi siyikhudza n'komwe.

Kadaunda77
Malo a ku Lumbadzi mudzagulitsa kamodzi, koma fizi idzabwera kanayi. Ine ndaima pamenepo.

MphunzitsiWaSayansi_Zomba
Ndikufuna kufotokoza za chaka chokonzekeracho, chifukwa makolo ambiri amaganiza kuti ndi chinyengo pamene ayi. Mayunivesite a ku Britain amaona MSCE ngati yofanana ndi mayeso awo a GCSE, amene ana kumeneko amalemba ali ndi zaka 16. Akamaliza amenewo amaphunziranso zaka ziwiri za A-level, ndiye chifukwa chake digiri yawo ku England imatenga zaka zitatu pamene yathu imatenga zinayi kapena zisanu. Mwana wochokera ku Fomu 4 amakhala kuti akupereweredwa gawo limenelo, ndipo amaligula kudzera m'chaka chokonzekera.

Maganizo anga ndi akuti mtsikanayu aphunzire digiri yoyamba konkuno. Ndi mapointi 9 ali ndi mwayi waukulu wosankhidwa kudzera ku NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, kupita ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI kapena MUST, ndipo angapemphe ngongole ku bungwe la HESLGB. Thandizo lalikulu lolipira zonse limene mayiko akunja amapereka kwa Amalawi lili pa digiri yachiwiri. Amene akhoza bwino digiri yoyamba n'kugwirako ntchito zaka ziwiri amakhala ndi makomo ambiri kusiyana ndi mwana wongomaliza sekondale.

Chisale_Massachusetts
Aphunzitsi a ku Zomba, mwanena zoona pa za Britain, koma sindikugwirizana nanu pomutsekera mwanayu khomo la digiri yoyamba. Dziko la America lili ndi kachitidwe kena. Pali sukulu zingapo, monga Harvard, Yale, Princeton, MIT, Amherst, Dartmouth ndi Bowdoin, zimene posankha ophunzira siziyang'ana ngati banja lingathe kulipira, ngakhale mwanayo akhale wochokera kunja, ndipo zikamusankha zimapereka ndalama zonse zimene banjalo silingakwanitse. Palinso sukulu zina zambiri zimene zimayang'ana m'thumba posankha, koma zikamutenga mwana zimamulipirira mokwanira. Banja limalemba fomu ya CSS Profile, momwe limafotokoza zimene limapeza, katundu amene lili naye ndi anthu amene limasamala. Sukulu zambiri mwa zimenezi zimalandira mafomu kudzera pa Common Application, fomu imodzi ya pa intaneti yofunsira malo ku sukulu zingapo, ndipo mwana wosauka angathe kupempha kuti asalipire ndalama yofunsira malo. Nthawi yotsekera imakhala kumayambiriro kwa Novembala kwa ofunsira msanga ndi kumayambiriro kwa Januwale kwa ena onse. Ku Kentucky kuli Berea College, komwe ophunzira salipira fizi koma aliyense amagwira ntchito pasukulupo maola osachepera 10 pa sabata. William Kamkwamba wa ku Kasungu anamaliza digiri yake ku Dartmouth mu 2014, ndiye tisanene kuti mwana wa kumudzi sangafike.

MphunzitsiWaSayansi_Zomba
A Chisale, William Kamkwamba sanachoke ku Wimbe n'kulunjika ku Dartmouth. Anadutsa kaye ku African Leadership Academy ku Johannesburg, ndipo dzina lake linali litadziwika kale padziko lonse chifukwa cha makina amphepo aja. Sukulu zimene mwatchulazo zimakana ofunsira ochuluka kwambiri, ambiri mwa iwo okhoza bwino kwawo. Ine sindikuletsa kuyesa, koma banja lisaike tsogolo la mwana pa khomo lopapatiza chotero.

Chisale_Massachusetts
Pamenepo tagwirizana, ndipo mwanditsegulira mfundo ina. Njira yodutsira pakati ilipo. Kupatula African Leadership Academy, pali sukulu za United World Colleges (UWC), imodzi mwa izo ndi Waterford Kamhlaba ku Eswatini. Mwana amaphunzira zaka ziwiri za International Baccalaureate, satifiketi yomalizira sekondale imene mayunivesite a ku Britain, America ndi Canada amaivomereza popanda chaka chokonzekera, ndipo omaliza ku UWC ali ndi thumba lapadera la Davis limene limawathandiza pa makoleji ambiri a ku America. Ku Malawi kuli komiti yosankha ana opita ku sukulu zimenezi. Chofunika ndi msinkhu, chifukwa amatenga a zaka za m'ma 16 mpaka 19, choncho ngati mtsikanayu wangomaliza kumene asachedwe kufufuza.

Ndaziona_Area25
Pepani kuti ndikuthirani madzi ozizira, koma nkhani ya America siyingakambidwe popanda kutchula za viza. Mu Ogasiti 2025 boma la America linayamba kufuna chikole chofika madola 15,000 kwa Amalawi ndi anthu a ku Zambia ofuna viza yokacheza kapena ya malonda. Chikolecho sichinkakhudza ophunzira, koma mu Disembala chaka chomwecho Malawi, Zambia ndi Zimbabwe anaikidwa pa mndandanda wa mayiko amene anaimitsidwa kulandira mitundu ingapo ya viza, kuphatikizapo ya ophunzira, kuyambira pa 1 Januwale 2026. Malamulo amenewa amasinthasintha, choncho musanalipire mayeso a SAT olowera makoleji a ku America kapena china chilichonse, werengani kaye zimene ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe yalemba pa tsamba lake pa tsiku limene mukufunsira. Sukulu ikhoza kumupatsa mwana ndalama zonse, koma siyingamupatse viza.

MwiniMbumba_Mponela
Ndikuthokoza nonse. Ndawerenganso kalata ija mofatsa, ndipo mawu a thekalo akutchula chaka chokonzekera chokha. Za zaka zinazo palibe chimene alemba. Ajenti uja akuti tisadandaule, zinazo zidzakonzedwa mwana akafika, ndiponso akuti dipoziti tipereke kwa iye kuti atumize. Kodi umu ndi mmene zimayendera?

Nachisale_Leeds
Ayi, bambo, si mmene zimayendera. Ajenti woona amalipidwa ndi yunivesite pa mwana aliyense amene wamubweretsa, ndiye chifukwa chake amafulumizitsa, koma dipoziti imapita ku akaunti ya yunivesiteyo mwachindunji. Pitani pa tsamba la sukuluyo, pezani imelo ya ofesi yolandira ophunzira akunja, ndipo muwalembere nokha mutatchula nambala ya mwana imene ili pa kalatayo. Muwafunse ngati ajentiyo amamudziwa, ngati chotsitsacho chidzapitirira, ndi ngati dipoziti imabwezedwa viza ikakanidwa. Mayankho onse akhale olembedwa. Mawu akuti zidzakonzedwa akafika ndi amene asiya ana ambiri kuno ali ndi ngongole, ndipo sukulu ikamuchotsa mwana m'kaundula chifukwa cha fizi imadziwitsa boma, viza n'kufupikitsidwa.

MaiTembo_Chevening
Ndiloleni ndiwonjezere pa zimene aphunzitsi ananena za digiri yachiwiri, popeza ine ndinadutsa njira imeneyo. Chevening ndi thandizo la boma la Britain limene linayamba mu 1983. Limalipira fizi ya masitazi (digiri yachiwiri) ya chaka chimodzi, ndege, viza ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi. Amafuna digiri yoyamba yabwino ndi ntchito yokwana maola 2,800, zomwe ndi pafupifupi zaka ziwiri. Wofunsira amasankha maphunziro atatu, amalemba nkhani zinayi zokhudza utsogoleri, kumanga ubale ndi anthu, chifukwa chosankhira maphunzirowo ndi zimene adzachite akabwerako, ndipo amatchula anthu awiri omuikira umboni. Amatsegula cha mu Ogasiti n'kutseka pakangopita miyezi iwiri kapena itatu, ndipo osankhidwa amaitanidwa kukafunsidwa mafunso ku ofesi ya kazembe wa Britain ku Lilongwe. Zonsezi n'zaulere, palibe ajenti pakati.

Chimene ndimaona mwa amene ndawathandizapo kulemba n'chakuti ambiri amadzaza nkhani zawo ndi umphawi wa kwawo. Owerengawo amaudziwa kale umphawi wa Malawi. Amafuna kumva vuto lenileni limene munakumana nalo pa ntchito, chimene munachita inuyo, ndi chimene chinasintha. Namwino amene anasintha kaundula wa mankhwala pa chipatala chaching'ono n'kuchepetsa kusowa kwa mankhwala ali ndi nkhani yamphamvu kuposa amene walemba kuti akufuna kutukula dziko.

Palinso Beit Trust, imene inachokera ku chuma chimene Alfred Beit anasiya atamwalira mu 1906, ndipo imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha pa maphunziro apamwamba ku Britain ndi South Africa. Popeza opikisana nawo ndi a mayiko atatu okha, ndi khomo lofunika kuliganizira. Ofesi ya kazembe wa Ireland ku Lilongwe nayonso imatumiza Amalawi kukachita masitazi kudzera mu Ireland Fellows Programme.

Kadaunda77
Zonsezo n'zabwino pa pepala, mayi, koma masikolashipu odutsa m'maofesi a boma amagwera ana a odziwika. Ine ndinapereka mafomu anga pa ofesi ina ndipo ngakhale kalata yondikana sindinailandire.

MaiTembo_Chevening
Kukhumudwa kwanu ndikukumvetsa, a Kadaunda, koma tisaike onse m'thumba limodzi. Chevening siyidutsa mu ofesi ya boma lathu. Pa masikolashipu a Commonwealth ophunzirira ku Britain, n'zoona kuti gawo lina limafuna kuti dziko likusankheni kaye, koma pali gawo la Commonwealth Shared Scholarships momwe yunivesite ya ku Britain ndi imene imasankha, komanso gawo lophunzira uli kwanu pa intaneti. Erasmus Mundus ya mayiko a ku Ulaya imafunsiridwa mwachindunji ku mayunivesite oyendetsa maphunzirowo, wophunzira amaphunzira m'mayiko osachepera awiri ndipo amalandira mayuro 1,400 pa mwezi. Amene wakhumudwa ndi khomo limodzi ayese ena amene sadutsa pa desiki ya munthu wa konkuno.

Gondwe_Pretoria
Ndikuona kuti tonse tayang'ana kutsidya la nyanja, pamene kunja kumayambira pa Mwanza. Pangano la SADC la za maphunziro la mu 1997 limanena kuti ophunzira a m'chigawo chino aziwerengedwa ngati eni dziko pa nkhani ya fizi, ndipo mayunivesite a boma ku South Africa amatilipiritsa fizi yofanana ndi ya nzika, kuphatikizapo ndalama yowonjezera ya ophunzira akunja. Zimakhalabe zodula kwa banja la ku Mponela, koma sizifika pa mapaundi 18,000. Vuto la MSCE lilipo kunonso, chifukwa wofuna digiri yoyamba amayenera kupeza chilolezo ku Universities South Africa, ndipo Fomu 4 yokha nthawi zambiri siyikwanira. Viza imafunanso inshuwalansi ya chipatala ya konkuno ku South Africa.

Kwa mwana wongomaliza sekondale, ine ndingaloze Mastercard Foundation Scholars Program, imene inayamba mu 2012 ndipo imalipira zonse kwa achinyamata a mu Africa okhoza bwino koma osowa. Simufunsira ku bungwelo ayi, mumafunsira ku mayunivesite ogwira nalo ntchito, monga Ashesi ndi KNUST ku Ghana, Makerere ku Uganda ndi Pretoria kuno. Yunivesite iliyonse ili ndi malamulo ndi masiku ake, ndipo ena amatenga a masitazi okha, choncho pamafunika kuwerenga tsamba la iliyonse payokha.

Wa_ku_Aachen
Wina anandilembera kumbali kufunsa za Germany, ndiye ndiyankhire pano kuti onse apindule. N'zoona kuti mayunivesite ambiri a boma salipiritsa fizi, kupatula madera ena monga Baden-Württemberg kumene ochokera kunja kwa European Union amalipira mayuro 1,500 pa semesita kuyambira mu 2017. Koma ulere wa fizi si ulere wa moyo. Pofunsira viza amafuna mayuro pafupifupi 12,000 a chaka chimodzi mu akaunti yotsekedwa, imene imatulutsa pang'onopang'ono mwezi uliwonse. Digiri yoyamba yambiri imaphunzitsidwa m'Chijeremani, ndipo wa MSCE sangalowe mwachindunji. Khomo losavuta kwa ife ndi la DAAD, bungwe la ku Germany lopereka masikolashipu, pa masitazi okhudza chitukuko, ambiri ophunzitsidwa m'Chingerezi, ndipo nawonso amafuna zaka ziwiri za ntchito.

Ndaziona_Area25
Palibe amene watchula za ndalama zakunja. Bambo a ku Mponela, ngakhale mutagulitsa malowo lero, mudzalandira makwacha, pamene sukulu ikufuna mapaundi. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo makolo amene anali ndi ana kunja anadzuka fizi itakwera popanda sukulu kuwonjezera kalikonse. Ndiye pali kudikira ku banki kuti ndalama zakunja zipezeke, pamene sukulu siyidziwa za mzere wathu. Thandizo lolipira zonse limamuteteza mwana ku zimenezi chifukwa ndalama zake sizidutsa mu kwacha, pamene la theka limasiya banja likulimbana ndi mtengo wa paundi zaka zinayi.

Gondwe_Pretoria
Koma tinene chilungamo, ambiri amene amagulitsa malo sakugula digiri yokha. Akuyembekezera kuti mwana akakhazikika kumeneko azidzatumiza thandizo, ndipo ena zinawayendera.

MaiTembo_Chevening
Ena zinawayendera, a Gondwe, koma malamulo a ku Britain akhala akukhwima. Kuyambira mu Januwale 2024, ophunzira masitazi wamba saloledwa kubwera ndi mabanja awo, kupatula ochita kafukufuku ndi othandizidwa ndi boma. Ndipo amene akufunsira Chevening kapena Commonwealth adziwe kuti amalonjeza kubwerera kwawo. Pa Chevening ndi zaka zosachepera ziwiri. Amene cholinga chake n'kusamuka asabise zimenezo m'fomu ya sikolashipu.

AnaBanda_Chilomoni
Ine ndawerenga zonse, ndipo ndikudabwa kuti tawerengera mapaundi, madola ndi mayuro koma palibe wafunsa kuti mtsikanayu akufuna kuphunzira chiyani. Achimwene a ku Mponela, mwanayo mwakhala naye pansi? Ndikufunsa chifukwa ndine kholo, ndipo ndikudziwa kuti kalata yotere ikafika, mwana amakhala atauza kale anzake ndi a kutchalitchi. Mukangonena kuti ayi, iye ndi mayi ake adzamva ngati atsibweni akukakamira malo a malemu. Ndi bwino mawerengero a a Nachisale muwaonetse onse awiri pa pepala, kuti akane ndi manambala osati inu.

MwiniMbumba_Mponela
Achemwali a ku Chilomoni, mwagunda penipeni. Mwanayo akufuna uinjiniya wa zamagetsi, ndipo anafunsiranso malo ku MUBAS ndi MUST. Ndalembera yunivesite ija monga anandilangizira a Nachisale, ndipo Loweruka tikhala pansi ndi mayi ake. Pakadali pano akufuna kuyesa za Mastercard ndi UWC. Kodi ndi mapepala ati amene tiyambe kusonkhanitsa, ndipo mayeso a Chingerezi alembe tsopano?

MphunzitsiWaSayansi_Zomba
Yambani ndi pasipoti, chifukwa ndi imene imachedwetsa anthu ambiri, ndipo dzina lake lilembedwe mofanana ndi la pa satifiketi ya MANEB, chilembo ndi chilembo. Kenako apite ku sukulu yake yakale akapemphe malipoti a magiredi kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4 okhala ndi chidindo cha ahedi, chifukwa sukulu zakunja zimafuna kuona ulendo wonse osati zotsatira za MSCE zokha. Apemphenso aphunzitsi awiri, makamaka a masamu ndi a sayansi, kuti amulembere makalata a umboni, ndipo awapatse nthawi yokwanira pamodzi ndi mndandanda wa zimene anachita pasukulu. Kalata yongonena kuti ndi mwana wakhalidwe labwino siyithandiza. Iyenera kutchula ntchito yeniyeni imene anaigwira. Popeza bambo ake anamwalira, musunge chikalata cha imfa ndi umboni wa zimene mayi ake amapeza, chifukwa othandiza osowa amafunsa zimenezo.

Nachisale_Leeds
Pa mayeso a Chingerezi, asathamangire. Zotsatira za IELTS ndi TOEFL zimagwira ntchito zaka ziwiri zokha, ndipo mtengo wake ndi waukulu, choncho alembe pokhapokha sukulu imene akufunsira yanena kuti ikufuna. Mayunivesite ena a mu Africa amakhutira ndi giredi yake ya Chingerezi ya MSCE kapena kalata ya ahedi yotsimikiza kuti anaphunzira m'Chingerezi, ndipo ena amalandira Duolingo English Test, imene ndi yotsika mtengo ndipo amalembera pa kompyuta yokhala ndi kamera ndi intaneti yodalirika. Yankho la yunivesite ija likabwera, muliike pano mutachotsa dzina ndi nambala ya mwana, kuti tione zimene alemba pa za kubweza dipoziti ndi ngati angalole kuti malowo asungidwe mpaka chaka chamawa.